Thobwa la ku Joni

Mbale yanga inali yofiira, ya pulasitiki, ndipo kunsi kwake amayi analembako mtanda ndi msomali wowotcha pamoto kuti wina asalakwitse n'kudyeramo. Inkakhala m'jumbo yopachika pamwamba pa chitseko, pamodzi ndi sipuni yanga ndi kamthiko kanga. M'nyumba yathu ya malata ku Ivory Park tinkakhala anthu atatu m'chipinda chimodzi, ndipo tinkabwerekana chilichonse mpaka chinkhupule chosambira, koma mbale imeneyi sinkakhudzidwa ndi munthu wina. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, akandiona nditaitenga ankaseka monyodola n'kunena kuti, "Tapatukani, adona akudya." Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo udona wanga wonsewo unali matenda.

Chaka cha m'mbuyo mwake ndinali kamwana kouma, ka chimimba chotupa, kongokhalira kuthamangira kuchimbudzi. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand, ndipo abwana awo aakazi atandiona tsiku lina anatinyamula pa galimoto kupita nafe kwa dokotala. Anandikoka magazi, sabata ina anandigoneka n'kundilowetsa kapaipi kukhosi, kenaka anatchula dzina la matendawo: seliyaki. Anati thupi langa limadana ndi tirigu, moti ngakhale kanyenyeswa kokha kamandiwononga matumbo, ndipo mankhwala ake palibe koma kumusiyiratu. Amayi anayamba ndi kukana. Tirigu iwo ankangomumva m'Baibulo, kunyumba kwathu anali asanalowepo chikhalire. Namwino ndi amene anawamasulira kuti tirigu ndiye fulawa, wa buledi, wa mandasi, wa masikono, ndipo amabisalanso mu supu wa m'mapaketi ndi m'masoseji. Anatipatsa pepala la zithunzi, mbali ina zoletsedwa, mbali ina zololedwa. Chimanga, mpunga, mbatata, mapira ndi mawere zinali kumbali yabwino.

Amayi nkhaniyi sanaitenge mwachibwana. Buledi anamuthamangitsa m'nyumba, moti amalume ankadyera wawo panja n'kusamba m'manja asanagwire chitseko, uku akung'ung'udza kuti asanduka mlendo pakhomo pawo pomwe. Pa miyezi yochepa masaya anga anabwerera, ndinayamba kusewera fulaye ndi anzanga, ndipo kusukulu aphunzitsi ankandiimika kutsogolo kuti ndiwerengere kalasi yonse. Ndikunena zimenezi dala, kuti mudziwe kuti sindinabadwe chilombo.

Nyengo imene ndikukumbukayi inayamba mu Okutobala, dzuwa likuwotcha malata mpaka kumalira okha masana. Abwana a amayi anabereka mwana, ndipo anawauza kuti azigona kuntchito kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Amalume ankalawirira ku Kya Sand kukadikirira maganyu, kubwera kwake dzuwa litapendeka. Choncho ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kwa aneba athu, mayi wa Chizulu wonenepa, woseka ndi thupi lonse, amene ankaphika mahewu n'kumagulitsa m'mabotolo pa renki ya matekisi.

Asanandisiye kumeneko amayi anakafufuza khitchini ya eni ake ngati apolisi. Ananyamula mbale yanga ndi pepala lija, n'kumaloza chithunzi chimodzichimodzi. Aneba ankangovomera, "Yebo sisi, yebo sisi." Atafika pa ndowa ya mahewu amayi anavundukula, ananunkhiza, analawa, n'kufunsa m'Chizulu chawo chothyokathyoka kuti muli chiyani. Aneba anawerenga pa zala: ufa wa chimanga, madzi, shuga. Nkhope ya amayi inawala. "Aa, si thobwa ili? Thobwa la ku Joni!" Kwawo ku Ntcheu anayamba kuphika thobwa asanathe n'komwe msinkhu, ndipo ankadziwa kuti thobwa ndi phala la chimanga lothira chimera cha mawere, basi. Zonsezo zinali kumbali yabwino ya pepala. Analamula kuti ndizimwa makapu awiri tsiku lililonse kuti ndinenepe, ndipo funso linathera pomwepo.

Ndinkalikonda thobwalo, ndisaname. Linali lozizira, lowawasa pang'ono, losalala pakhosi, ndipo pansi pa kapu pankatsala kaphala kamene ndinkakomba ndi chala.

Sabata isanathe mimba inayambanso kutupa, yolimba ngati ng'oma. M'kamwa munatuluka tizilonda. Mutu unadzaza nkhungu, moti aphunzitsi akamalankhula mawu awo ndinkawamva koma osawagwira. Kenaka unabwera mkwiyo. Sunali mkwiyo wa masiku onse uja, woti munthu wakutukwana ndiye wapsa mtima. Uwu unkadzuka nane m'mawa chifukwa chisanapezeke, n'kuvala nane yunifolomu, n'kumayenda nane pamsewu kusakasaka woti umugwere. Kolala ya diresi inkandinyansa. Wailesi ya nyumba yachitatu inkandinyansa. Amalume akamatafuna ndinkamva mano awo m'kati mwa mutu wanga, ndipo ndinkaluma lilime kuti ndisakuwe.

Woyamba kugweredwa anali mnzanga wokhala naye desiki imodzi, mwana wofatsa amene ankandigawira malalanje. Sanandilakwire kanthu. Ankangoimba kanyimbo chapansipansi uku akulemba, ndipo ndinamuuza kawiri kuti asiye. Kachitatu ndinamubaya ndi pensulo pamwamba pa dzanja, mwamphamvu, mpaka nsonga inathyokera m'mnofu. Ndimakumbukabe kuti kwa kamphindi m'mutu mwanga munati zii, ndipo ndinamva bwino. Kumva bwino kumeneko n'kumene kumandichititsa manyazi mpaka lero, kuposa magazi aja. Aphunzitsi atandinyamula kuchokera kumbuyo ndinawaluma pamkono osasiya, ndipo mafuta awo odzola ndi mchere wa thukuta lawo sizinachoke m'kamwa mwanga tsiku lonse. Ndinabwera kunyumba ndi kalata.

Amalume anali ndi chidutswa cha paipi yothirira maluwa, yobiriwira, chimene anatola kumaganyu. Tsiku limenelo anachipezera ntchito. Ankamenya mwadongosolo, osakalipa, m'miyendo ndi kumsana, ndipo pakati pa zikoti ankalalikira. Kwa iwo matenda anga anali odziwika kale: kulekereredwa. Mwana wa mbale yakeyake, wokulira ku Joni kopanda mwambo, akanatha bwanji osaluma aphunzitsi? "Ife tinakulira mgaiwa ndi chikoti, taona tili bwinobwino." Ine sindinalire. Ndinawalavulira pa nsapato, ndipo anayambiranso.

Loweruka amayi atabwera sanayambe ndi kalatayo. Anandikweza diresi, anandigogoda pamimba ndi chala, anandiyang'ana m'kamwa, ndipo anadziwa. Mimba imeneyo ankaidziwa bwino kuposa dokotala. "Wadya chiyani? Wakupatsa buledi ndani?" Ndinati palibe. Anakhuthula chikwama changa cha kusukulu pabedi kufuna nyenyeswa, anandinunkhiza zala, ndipo Lolemba asanakwere tekisi anadzera pa geti ya sukulu kukafunsa amayi ogulitsa magwinya, mandasi a kuno aja, ngati amandiona. Sanapeze kanthu. Koma mimba inali kuchitira umboni, ndipo pakati pa mimba ndi pakamwa pa mwana anasankha kukhulupirira mimba. Anagamula kuti ndisamadyenso chilichonse cha kusukulu, ndizingonyamula botolo la thobwa la aneba, poti ndilo lokha limene analilawa okha. Makapu awiri aja anasanduka anayi.

Novembala yense ndimamukumbukira m'zidutswa. Galasi loyang'anira la amayi lili pansi losweka, ine nditaimapo wopanda nsapato. Makope ong'ambika. Kagalu ka aneba kamene ndinakamenyetsa kukhoma la malata chifukwa kanandinyambita phazi, ndipo kanakula kakutsimphina. Ukali ukatha thupi linkangoti lefu, ndinkalira mpaka kusisima, n'kugona pansi pa tebulo. Ndikadzuka ndinkafuna kupepesa, koma mawu asanatuluke wina ankakhosomola kapena kukoka mpando, ndipo zinkayambiranso. Ana a mumsewu mwathu anasiya kundiitana ku fulaye. Aneba okha ndi amene sanatope nane. Ankandipukuta nkhope ndi nsalu yonyowa n'kunena kuti, "Phuza, mntanami," kutanthauza kuti imwa mwana wanga, uku akundipatsa kapu yodzaza kuti mtima ukhale pansi.

Apa m'pamene amalume anayamba kutchula za kumudzi. Ankati mu Disembala basi ikamapita ine ndikwere, ndikakhale ndi amayi aakulu ku Ntcheu, akandiwongole ndi khasu ndi mtondo. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Mumsewu mwathu munali ana angapo amene anatumizidwa kumudzi, ndipo amayi awo ankangowaona pa foni, chaka ndi chaka, akukula ngati ana a eni. Ine ndinabadwira ku Joni, kumudziko ndinali ndisanapondeko, ndipo munthu yekhayo padziko amene ankayang'anitsitsa paketi asanandipatse chakudya anali amayi. Ndinkaopa basi imeneyo kuposa paipi. Poyamba amayi ankakana. Kenaka anasiya kukana.

Kumapeto kwa mweziwo kunabwera kalata yachiwiri, yonena kuti ndikachitanso kamodzi ndisadzabwererenso kusukuluko mu Januwale. Loweruka lake amayi anatseka chitseko masanasana. Anati lero ndinene kumene ndimapeza buledi, ndipo sititulukamo ndisananene. Amalume anatenga paipi. Ine ndinkaphiriphitha ndi kuponya mateche, moti amalume anati, "Achemwali, gwirani miyendo." Ndipo amayi anagwira. Anagwada pa simenti, anandipana akakolo ndi manja awo onunkha sopo wa kuntchito, nkhope atatembenuzira kukhoma. Chikoti chilichonse chinkabwera ndi funso lomwelo. Wadya kapena sunadye? Ndinati sindinadye kasanu, kakhumi, sindikudziwa. Kenaka ndinazindikira kuti pali mawu amodzi okha amene angaimitse paipiyo, ndipo ndinawanena. "Ndinadya." Atafunsa kuti kuti, ndinapeka: kuseri kwa zimbudzi za kusukulu, mnzanga amandigawira. Paipi inaima nthawi yomweyo. Amayi anandisiya miyendo, anatuluka, ndipo ndinawamva akusanza kuseri kwa nyumba.

Lero ndili ndi ana anga awiri, ndipo ndikayang'ana tsiku limenelo ndimaona mayi amene ankaganiza kuti mwana wake akudzipha yekha ndi buledi wakuba, mayi amene anali atatha nzeru. Ndimawamvetsa. Koma pali masiku amene ndimawakwiyirabe, ndipo sindibisa.

Patapita sabata, Lamulungu masana titachokera ku tchalitchi, amayi anandikhazika pakati pa miyendo yawo pakhomo kuti andiluke tsitsi. Anali asanavule bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi. Kunkatentha, ntchentche zinkandizungulira m'maso, m'mimba munkapota, ndipo chipeso chinkakoka. Ndinati chikuwawa. Anati ndipirire. Ndinatinso chikuwawa. Anandigogoda ndi chipeso pamutu, pang'ono chabe, mmene amachitira mayi aliyense. Pambali panga panali theka la njerwa limene tinkapingira chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Sindikumbuka ndikuganiza. Ndimakumbuka kulemera kwake m'manja awiri, kutembenuka, ndi phokoso, phokoso laling'ono, louma, ngati munthu waswa mtedza.

Dzino limodzi lakutsogolo linagwera pa chitenje. Mlomo wam'mwamba unang'ambika mpaka pafupi ndi mphuno, ndipo magazi anatsika pa bulauzi yoyera ija mofulumira kuposa mmene ndinkaganizira kuti magazi amatsikira. Amayi sanandimenye. Sanakuwe n'komwe. Anandiyang'ana n'kulankhula movutika, magazi akuchita thovu pakamwa: "Mwana uyu ndamulephera." Aneba ndi amene anawaperekeza kuchipatala, kumene anawasoka, ndipo amayi ananama kuti anagwa potsika tekisi. Mawa lake amalume anakalembetsa dzina langa kwa oyendetsa basi ya Loweruka.

Masiku otsatirawo ndinkakhala pansi pa tebulo, tsitsi lolukidwa mbali imodzi, popanda wolimaliza. Kusukulu sindinapitenso. Ndinkadzida kwambiri, moti ndinkadzitsina m'ntchafu mpaka kusiya mabala, ndipo ndinkaona kuti basiyo ndi yondiyenera.

Lachinayi amayi anapempha kuntchito kuti adzandilongedzere katundu. Ngakhale zinthu zinafika pamenepo, ankaderabe nkhawa kuti ndikadya chiyani panjira, masiku awiri m'basi, pomwe m'malo oimamo amangogulitsa mabanzi ndi mabisiketi. Anapempha aneba kuti andiphikire thobwa lodzaza chigubu, ndipo poti manja awo sankatha kukhala chete, anakhala nawo pabwalo kuwathandiza kuvundula. Ine ndinkasuzumira pa chitseko. Phala litapsa analithira mu ndowa kuti lizizire, n'kumacheza, amayi akulankhulira mbali imodzi ya pakamwa. Kenaka aneba analowetsa chala kuyesa kutentha, analowa m'nyumba, anatuluka ndi kachitini kopanda dzina, anatapamo ufa woyera mbee ndi dzanja n'kuyamba kuwaza pamwamba.

Amayi anawagwira pamkono dzanja likadali m'malere. Anatsina ufawo, anautikita pakati pa zala, anaulawa.

"Yini le?" anafunsa amayi m'Chizulu chawo chija, kufuna kudziwa kuti n'chiyani chimenechi.

"Ufulawa, sisi. Kancane nje."

Fulawa, pang'ono chabe. Aneba anafotokoza modabwa kuti kwawo mahewu amasasitsa ndi kadzanja ka fulawa, kupanda apo sawawasa, ndipo mwana aliyense amadziwa zimenezo. Chimera iwo sankachidziwa. Sananame tsiku lija. Anafunsidwa kuti muli chiyani, ndipo kwa iwo kafulawa kameneko sikanali chakudya, kanali kongodzutsira phala, kosayenera kutchulidwa. Pepala la zithunzi analimvera ndithu, buledi sanandipatseko ngakhale kamodzi.

Amayi anaimirira n'kuimenya theche ndowayo, phala lonse linayenderera pabwalo mpaka mumsewu. Anainyamula n'kuyamba kuimenyetsa pansi, kamodzi, kawiri, osaleka, mpaka inang'ambika ndipo m'manja mwawo munatsala chogwirira chokha. Ulusi wina wa pamlomo unaduka, magazi anayambiranso. Aneba anakhala pansi m'phalamo akulira, manja pamutu. Anthu anatuluka m'nyumba zawo kudzaonerera. Amayi analowa kwathu osandiyang'ana, anatenga paipi ya amalume ndi mpeni wodulira nyama, n'kuiduladula pabwalo pamaso pa anthu onse, akutukwana m'Chichewa mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa.

Basi ya Loweruka inapita popanda ine. Nkhungu ya m'mutu inatenga masabata angapo kuti iyere, ndipo mu Januwale amayi anandiperekeza kusukulu ndi kalata ya dokotala. Amalume sanakhulupirirepo mpaka lero, amati kadzanja ka ufa sikangathyole dzino la munthu. Mwina penapake akunena zoona. Ndakumanapo ndi anthu ena a matenda angawa amene tirigu akawalowa mwangozi amangotopa n'kugona, osaswa kanthu. Ine amandipsetsa mtima, ndipo masiku ano ndikamva nkhungu ija ikubwera ndimauza bambo a kunyumba kuti atenge ana akayende, ine n'kudzitsekera. Koma njerwa ija sinanyamulidwe ndi fulawa, inanyamulidwa ndi manja angawa, ndipo dzino la amayi ndi loikirira mpaka pano.

Zonsezi ndi nzeru za pambuyo. Lachinayi lija, atamaliza kudula paipi, amayi analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Ine ndinali nditabwerera pansi pa tebulo, ndipo nditamva chitseko ndinapinda miyendo n'kuibisa m'diresi. Iwo anagwada. Anagwada mmene anandiphunzitsira kugwadira akuluakulu, maondo onse awiri, manja pamodzi, ndipo anandilankhula ndi ulemu umene mwana salankhulidwa nawo.

"Pepani, mayi. Munkanena zoona. Simunadye."

Sindinamve chimene ankatanthauza. Za fulawa ndi chimera ndinazimva ndi makutu, koma sizinalowe m'mutu wa nkhunguwo. Chimene ndinkadziwa n'chakuti chitseko chatsekedwa, amayi agwada pa simenti pafupi ndi miyendo yanga, ndipo nkhani ya buledi yayambiranso. Yankho lake ndinali nditaliphunzira kale.

"Ndinadya, amayi," ndinatero mofulumira. "Ndinadyadi. Sindidzachitanso."

Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri, ndipo kulira kumene kunatuluka pamenepo ndinali ndisanakumvepo, ngakhale tsiku la njerwa. Ine ndinangowayang'ana, ndikudabwa kuti ndalakwitsanso pati, poti ndinanena zomwe ankafuna.